Kodi mawu akuti “kulapa” ankatanthauza chiyani kwa makolo athu?

Mdzukulu wa ku Mtakataka: Loweruka lapitali ndinauza azakhali anga kuti ndikupita kutchalitchi kukalapa, popeza ine ndine Mkatolika ndipo tili m'nyengo ya Lenti. Iwo, amene ndi a CCAP, anandiyankha kuti munthu sapita kukalapa monga apitira kuchigayo, chifukwa chimene ndimakachita kwa ansembe ndi kuulula, pamene kulapa ndi chinthu china. Mawuwa andisowetsa mtendere sabata yonse. Akuluakulu, ndithandizeni, kodi mawu amenewa ankatanthauza chiyani mipingo isanafike?

Mayi a ku Mvera: Mwana wanga, funso lako landikumbutsa agogo anga aakazi. Tsiku lina ndinaba nsinjiro zimene anasungira ndiwo zamadzulo, ndipo atandikwapula ndi kamtengo ka pichesi anandifunsa katatu kuti, “Walapa?” Sankafuna kuti ndiulule, pakuti nsinjirozo zinali zikadali pamilomo panga. Ankafuna kumva kuti sindidzayambiranso. Azakhali ako sanalakwe.

Mphunzitsi wopuma, Zomba: Mayi a ku Mvera alasa penipeni. Kulapa ndi kuleka chifukwa chakuti wamva kuwawa kwake. N'chifukwa chake mwana amene amabwerezabwereza cholakwa timati ndi wosalapa, ngakhale atapepesa tsiku ndi tsiku. Yudasi anavomereza ndi pakamwa pake pamaso pa akulu a ansembe kuti wachimwa, monga tiwerenga pa Mateyu 27:4, koma sanabwerere kwa Ambuye wake.

Katekisiti wa ku Dedza: Bambo aphunzitsi, musatiyese ife Akatolika ngati anthu ongolankhula ndi pakamwa. Pophunzitsa ana za sakramenti limeneli timawauza kuti ayambe afufuza mumtima mwawo, amve chisoni, atsimikize kuleka, kenako aulule kwa ansembe ndi kuchita malipiro amene apatsidwa. Kuleka kumene mukunenako kuli m'kati momwemo, ndipo n'chifukwa chake sakramenti lonse tinalitcha kulapa. Agogo anga ankayenda mtunda wautali kupita ku mishoni ya Mua kukalapa, koma asananyamuke ankayamba adutsa kunyumba ya mlamu wawo amene ankakangana naye kawirikawiri za malire a munda, n'kukagwada pakhomo. Ankati sangakalandire Ukaristia ali ndi mfundo kumtima.

Mphunzitsi wopuma, Zomba: Bambo katekisiti, zimene agogo anu ankachita nzabwino, ndipo ndi zimene Mateyu 5:23-24 amalamula, koma dzina lake ndi kuyanjana. Ine ndikadali pomwe paja. Ngati mkangano wa malirewo unkabukanso chaka ndi chaka, pa Chichewa cha makolo tingati anapepesa, anayanjana, koma za mundawo anali asanalape.

Mkulu wa mpingo, Kasungu: Ndikuopa kuti tikamangirira chikhululukiro pa kuleka kotheratu, palibe mmodzi wa ife adzafike pagome la Mgonero. Lemba la 1 Yohane 1:9 limalonjeza kuti Mulungu amakhululukira ndi kuyeretsa munthu amene wavomereza machimo ake, ndipo ndime ya 7 imati tikamayenda m'kuunika timayanjana wina ndi mnzake. Petulo anauzidwa kuti azikhululukira m'bale wake kopanda malire, kusonyeza kuti Ambuye ankadziwa kuti munthu amagwanso. Amayi anga ataikidwa pa mwambo, anakhala miyezi yambiri osadya Mgonero, ndipo ndimakumbukira misozi yawo tsiku limene anabwezeredwa pamaso pa mpingo wonse. Chimene chinawaliza kwambiri chinali chakuti amayi amvano anzawo anawasendera malo pabenchi yomwe ankakhala kale.

Mphunzitsi wopuma, Zomba: Akulu a mpingo, sindikutsutsa chisomo cha Mulungu, ndikungoteteza mawu. Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, pena limati “lapani”, monga pa Machitidwe 2:38, pena limati “tembenukani mitima”, monga pa Mateyu 3:2. Wotembenuka amasiya njira imene ankayenda n'kulowera kwina, ndipo ndi zomwezo zimene agogo a Mayi a ku Mvera ankafunsa.

Mayi a ku Mvera: Chimene chikundidetsa nkhawa ine n'chakuti adzukulu anga sadziwa mawu onsewa. Akalakwa amangoponya kamawu kachingerezi ali chiimire, maso ali pafoni, ndipo akatero amayesa kuti mlandu watha. Ife tinkagwada n'kunena kuti, “Pepani, ndalakwa,” ndipo tinkatchula cholakwacho.

Katekisiti wa ku Dedza: Zimenezo ndimakumana nazo m'kalasi. Ana ambiri a m'tauni sasiyanitsa kupepesa, kuulula ndi kulapa, ndipo ena amati “mundikhululukire” akamapempha njira m'minibasi. Tsono akamapemphera kuti mutikhululukire zochimwa zathu, m'mutu mwawo mumabwera chiyani?

Mdzukulu wa ku Mtakataka: Zikomo nonse. Ndawawerengera azakhali mayankho anu, ndipo iwo akuti aphunzitsi a ku Zomba ndi amene anena zoona, koma pa za agogo a bambo katekisiti sakugwirizana nawo. Akuti munthu wogwada pakhomo pa mlamu wake chaka ndi chaka sungamutche wosalapa. Bambo aphunzitsi, kodi pamenepa muwayankha bwanji?