Kodi Mulungu timamudziwa mpaka pati kwenikweni?

Nachisale_wa_Area25:
Moni nonse. Funso langa mwina lioneka lachibwana koma landizunguza mutu ndithu. Pa Eksodo 33 vesi 11 akuti Yehova ankayankhula ndi Mose maso ndi maso ngati munthu ndi bwenzi lake, koma ukangotsika pang'ono pa vesi 20 Mulungu yemweyo akumuuza Mose kuti sungaone nkhope yanga, munthu sangandione nkukhala ndi moyo, mpaka anamubisa mumng'alu wa thanthwe nkumuonetsa kumbuyo kokha. Nde zikukhala bwanji pamenepa? Yohane 1:18 akuti palibe anaonapo Mulungu, koma Yohane 17:3 akuti moyo wosatha ndi kumudziwa Iyeyo. Tsono ngati chipulumutso changa chagona pa kumudziwa koma mwini wakeyo ndi wosaoneka, ine ndikudziwa chani kwenikweni? Chondisokoneza china ndi aneneri a pa Facebook awa, tsiku lililonse Mulungu wandiuza, Mulungu wandionetsa, ngati amadya naye mbale imodzi, pomwe kutchalitchi kwathu abusa amangoti njira zake nzosalondoleka. Akunena zoona ndani?

Mlongoti77:
Achemwali funsoli silachibwana ayi, anthu akhala akukangana nalo kuyambira kalekale. Mzaka za m'ma 360 kunali bishopu wina dzina lake Eunomius amene ankaphunzitsa kuti chimene Mulungu ali mkati mwakemo ife tingachidziwe bwinobwino, kuti ukangonena kuti ndi wosabadwa basi wamugwira yense. Amene anamutsutsa kwambiri ndi Basil wa ku Caesarea ndi mng'ono wake Gregory wa ku Nyssa, a dera la Cappadocia lomwe pano lili ku Turkey. Basil ankati timamudziwa Mulungu kudzera mu zochita zake, ubwino wake, nzeru zake, chiweruzo chake, izi zimatsika kutipeza, koma umunthu wake weniweniwo, kapena tinene uMulungu wake, sitingaufikire. Gregory nde anatenga Mose yemwe mukunenayo. Anati taonani ulendo wake, poyamba anakumana ndi Mulungu mkuwala kwa chitsamba choyaka, kenako mumtambo, pomaliza pa Sinai analowa mumdima wandiweyani mmene munali Mulungu, Eksodo 20:21. Ndiye kuti munthu akamayandikira kwambiri mpamene amazindikira kuti sakumuona. Ife timaganiza mobwerera, timati wokhwima muuzimu nde amaona zonse poyera.

Augustine, bishopu wa ku Hippo komwe lero ndi ku Algeria, anamwalira mu 430, ananena mu ulaliki wake kuti ngati wamumvetsa ndiye kuti si Mulungu ameneyo. Thomas Aquinas naye, wansembe wa Katolika amene analemba mabuku oti simungawanyamule pamutu, koyambirira kwa buku lake lalikulu lotchedwa Summa akuvomera kuti za Mulungu timadziwa kwambiri chimene sali kusiyana ndi chimene ali. Koma sananene kuti tingokhala chete ayi, anati mawu athu amanena zoona koma mofanizira, ukati Mulungu ndi wabwino sukunama koma ubwino wakewo si uja wa agogo ako wongowonjezera pang'ono. Msonkhano wa mabishopu wa Lateran ku Roma wa 1215 unanenanso zomwezo, kuti paliponse pomwe waona kufanana pakati pa Mlengi ndi cholengedwa, kusiyana kwake nkokulirapo. Ndipo Aquinas yemweyo mu December 1273 anasiya kulemba, Summa osaimaliza, nkuuza mnzake kuti zonse zimene walemba zikuoneka ngati udzu wouma poyerekeza ndi zimene waona. Patangotha miyezi itatu anamwalira.

Nde kwa ine mavesi anu awiri aja sakulimbana. Mose ankamudziwa Mulungu zenizeni, koma sanamumalize.

Gogo_Chisale:
Mwana wanga, a Mlongoti ayankha bwino koma aiwala dzina limodzi, Yesu. Vesi ya Yohane 1:18 mwaiwerenga theka. Ikupitiriza kuti Mwana wobadwa yekha wokhala pachifuwa cha Atate ndi amene wamufotokoza. Filipo anapempha zomwe mukupemphazi, tionetseni Atate, yankho linali lakuti wandiona Ine waona Atate, Yohane 14:9. Ife a Presbyterian timaphunzitsidwa kuti munthu sakwera kukamupeza Mulungu ndi nzeru zake, Mulungu ndi amene amatsika. John Calvin ankati Mulungu akamayankhula nafe amachita chibwibwi dala ngati mmene mlezi amayankhulira ndi khanda, nchifukwa chake Baibulo limakamba za dzanja la Mulungu, maso ake, kumbuyo kwake, sikuti ali ndi msana ngati ine ayi. Martin Luther ku Heidelberg mu 1518 anapita patali, anati ukafuna kumuona Mulungu usamufune mu ulemerero, muyang'ane pamtanda pomwe akuoneka wofooka. Ine zimenezi nzomwe zimandithandiza ndikamva za aneneri enawa, ndimangofunsa kuti Mulungu amene akumuonayo bwanji nthawi zonse amakamba za galimoto ndi visa koma za mtanda ayi. Komanso Deuteronomo 29:29, zinsinsi nza Yehova, zowululidwa nzathu ndi ana athu. Zowululidwazo nzambiri kale, sitinazimalize nkuzichita komwe.

FireBrand_BT:
Kkkkk koma abale mwatchula azungu onse a mmanda. Ine sindinapite ku seminale koma 1 Akorinto 2:10 ikuti Mzimu amafufuza zonse ngakhale zakuya za Mulungu ndipo Mulungu watiululira ife mwa Mzimuyo. Yohane 10:27 nkhosa zanga zimamva mawu anga. Nde musatiuze kuti Mulungu ndi mdima, chinsalu cha mkachisi chinang'ambika kale. Aneneri onyenga alipo inde sindikukana, ena ndi mabizinesi chabe, koma musataye zonse chifukwa cha iwowo. Vuto la matchalitchi ena mumadziwa ZA Mulungu, simumudziwa IYEYO.

Mlongoti77:
A FireBrand, Augustine sanali wa ku Ulaya, anabadwira kumpoto kwa Africa konkuno kkk. Koma mfundo yanu yomalizayo ndikugwirizana nayo, ndipo mudabwa kuti amene anaimenyera nkhondo kwambiri ndi mmonke wa Orthodox, Gregory Palamas, wa ku phiri la Athos ku Greece. Kunali wophunzira wina Barlaam amene ankanyoza amonke oti popemphera amaona kuwala kwa Mulungu, iye nkumati zimenezo nzongolengedwa kapena nzammutu, Mulungu sangaonedwe. Palamas anati ayi, kuwala kuja anaona Petro, Yakobo ndi Yohane paphiri Yesu atasandulika ndi Mulungu mwini akudzipereka, munthu angakumane naye zenizeni mu mphamvu zake ngakhale chimene Iye ali mkati mwake chikhalabe chobisika. Misonkhano ya ku Constantinople mu 1341 ndi 1351 inaima mbali ya Palamas. Nde mdima umene akunena Gregory wa ku Nyssa suja wakuti Mulungu kulibe kapena wakhala chete, ndi kuwala kochuluka koti maso sangakupirire, 1 Timoteo 6:16. Ndipo Paulo yemwe mwamutchulayo, mkalata yomweyo chaputala 13, akuti pano tikuona ngati mkalilole mwachimbuuzi, tikudziwa mderamdera. Munthu woti anakwatulidwa mpaka kumwamba kwachitatu akuti mderamdera, nde wina wa pa TikTok azindiuza kuti amadziwa zonse?

Mbewe_Jozi:
Ine ndifunse mbali ina poti nonse mukuyambira pa Baibulo. Makolo athu amishonale asanabwere ankapita ku Msinja kukapempha mvula kwa Chisumphi kudzera mwa Makewana, ankatchula Chauta, Namalenga, Mphambe. Amenewa ankamudziwa Mulungu kapena ankangopeka? Chifukwa Aroma 1:20 ikuti mphamvu yake ndi uMulungu wake zimaoneka mu zolengedwa, ndipo Paulo ku Athens atapeza guwa lolembedwa kwa Mulungu wosadziwika sanawauze kuti mwaphonya zonse, anati amene mukumupembedza osamudziwayo ndi amene ndikukulalikirani. Akatolika pa msonkhano wa mabishopu wa Vatican yoyamba mu 1870 ananena poyera kuti munthu ndi nzeru zake zachibadwa angathe kudziwa motsimikiza kuti Mulungu alipo poona zolengedwa. Koma katswiri wa zaumulungu wachipulotesitanti Karl Barth, mu 1934 katswiri mnzake Emil Brunner atanena zofananako, anamuyankha ndi kabuku komwe mutu wake unali liwu limodzi lachijeremani lakuti ayi. Ndimamumvetsa Barth, nthawi imeneyo Hitler anali atangolowa kumene ndipo akhristu ena ku Germany ankati Mulungu akuyankhula kudzera mu mtundu wawo ndi mbiri yawo, nde iye anaona kuti ukangotsegula khomo limenelo aliyense alowetsa fano lake. Komabe ine zimandivuta kuvomera kuti agogo a agogo anga anali mumdima wa bii mpaka sitima ya amishonale ya Ilala itafika ku Cape Maclear mu 1875.

Gogo_Chisale:
A Mbewe, Calvin yemwe uja sanakane zimenezo, ankati munthu aliyense amabadwa ndi kakumva kena mumtima kuti Mulungu alipo. Kungoti maso athu anachita khungu ndi uchimo nde timafunika Malemba ngati magalasi. Makolo ankadziwa kuti kuli Mwini mvula, zoona. Koma kuti Mwini mvulayo ali ndi Mwana ndipo anafera anthu, zimenezo sungaziwerenge mmitambo.

Nachisale_wa_Area25:
Zikomo nonse, a Mlongoti nkhani ya Mose kulowa mumdima ija sindinaimvepo chibadwire. Koma a FireBrand ndikufunsenibe, mukati mumamva mawu ake, mumasiyanitsa bwanji ndi maganizo anuanu? Sindikunyoza ayi ndikufunsa zenizeni, chifukwa mayi anga aang'ono anasiya kumwa mankhwala a BP ati Mulungu wawauza kuti achira, ndipo palibe amene akutha kuwatsutsa pakhomo pano poti aliyense akuopa kuoneka ngati akulimbana ndi Mulungu.

FireBrand_BT:
Iiii ayi achemwali zimenezo nde ayi, 1 Yohane 4:1 yesani mizimu. Auzeni amwe mankhwala uku tikupemphera, ndipo pitani nawo kuchipatala akawayeze BP yo sabata ino. Funso lanu lija ndiyankha madzulo ndikaweruka, bundle yatsala pang'ono kutha.