Thandizeni msanga, mau oti uncle andiimitsa pa filimu ya makauboyi

Wa ku Chilomoni
Akuluakulu ndithandizeni, masiku atatu ndili pa filimu imodzi yomwe ndikuimasulira m'Chichewa ndipo mwini ntchito akufuna Lachisanu, mau ndi SRT yomwe, fayilo ija ya mau olembedwa pansi pa sikirini. Ndi ya makauboyi koma si ija ya mfuti zokhazokha ayi, ndi yolankhula kwambiri, nkhani ili ku Wyoming cha m'ma 1880. Mnyamata wa zaka ngati 16 waona usiku anthu a pafamu ya kwawo akupachika munthu pamtengo, munthu wosauka amene anatchinga kamtsinje ndi waya waminga kuti ng'ombe zawo zisamamwe pamenepo, ndipo amene anagwira chingwe ndi mkulu wake weniweni wa bere limodzi. Tauni yonse ikudziwa, wa sitolo akudziwa, abusa akudziwa, dokotala walemba kuti munthuyo anadzikhweza yekha. Amene akutseka aliyense pakamwa ndi sherifu, wosungitsa lamulo wa deralo. Ndiye vuto ndi ili, mnyamatayu amaitana sherifu kuti uncle kuyambira miniti ya 6, ndipo ana onse a mtaunimo amamuitana choncho, woonera umangoti ndi ulemu basi. Pa 1:22 marshal, wapolisi wa boma lalikulu wochokera kunja kwa tauniyo, akutsegula Baibulo la banjali, tsamba loyamba lija amalembapo mayina a obadwa, akupeza kuti dzina la kwawo la mayi a mnyamata ndi lomwelo la sherifu. Sherifuyo ndi alongo ake a mayiwo. Filimu yonse yatsamira pamenepo. Nanga ndikati malume pa miniti ya 6 si ndaululiratu zonse? Ndikati bambo aang'ono ndanama. Ndajambula kale mpaka 0:40 ndi malume chifukwa ndinayamba ndisanaonere mpaka kumapeto. Ndichite bwanji osayambiranso?

Mai a Tadala
Pepani achimwene koma mwaphwanya lamulo loyamba, filimu ya chinsinsi sumayika mau usanaimalize kawiri. Ikani ankolo. Ana a mtauni kuno aliyense wamkulu ndi ankolo, kondakitala ankolo, wogulitsa makala ankolo, palibe angaganize za magazi. Pa 1:22 mpamene mutulutse malume koyamba, anthu amva okha kulemera kwake.

Bambo a ku Dedza
Ayi. Siyani malume momwemo. Ine ndayamba kumasulira nthawi ya matepi inu musanayambe sukulu, ndikudziwa woonera wathu. Munthu wa kuno akangomva kuti sherifu ndi malume a anyamata awiriwa, wamva filimu yonse bwino kuposa mzungu amene anaipanga. Malume ndi mwini mbumba. Mwana wa mlongo wako akapalamula mlandu, amene amakaima pabwalo ndiwe, osati bambo ake. Ndiye woonera azimva chisoni ndi sherifuyo kuyambira poyamba, aziti munthuyu wapanikizika, mbali ino lamulo mbali ino mbumba. Mukabisa, ola lathunthu anthu azingomuona ngati wapolisi wa ziphuphu basi.

Wa ku Chilomoni
Bambo ndakumvani koma opanga filimu akufuna ndendende zimenezo, kuti tizimuona ngati wagulidwa ndi eni ng'ombe, marshal nayenso akuganiza choncho mpaka akusecha mabuku a ku banki kufuna ndalama zomwe analandira, osapeza kanthu. Ndikaulula ndiye kuti sini zonse za ku banki zafa.

Jah B wa ku Kawale
Mani ankolo ndi bho koma samala, kumudzi anthu ambiri akamva ankolo amamva malume yemweyo, mng'ono wa bambo ako sumutchula ankolo, ndi bambo ako aang'ono basi. Ndiye ngati ntchitoyi ikupita ma video show a kumidzi chinsinsi chako chitha kutayikira pang'ono. Chimene chingakupulumutse ndi choti ana ena aja nawonso azimveka bwinobwino akuti ankolo, usawadumphe ngakhale akulankhulira kumbuyo.

Ine zinandionekerapo pa series ina, sizoni yoyamba yonse ndinkati bambo aang'ono, ma episodi 10, chifukwa munthuyo ankakhala nyumba imodzi ndi bambo a mtsikanayo. Sizoni yachiwiri kutulukira kuti ndi mchimwene wa mayi. Ndinalowa mu holo ina kuti ndione momwe anthu akuilandirira, nditakhala kumbuyo pa benchi, mwana wina wa mu sitandade 6 kapena 7 kufuula kuti womasulirayu ndi wabodza dzulo ankati bambo aang'ono. Mwini holo sanatengenso ntchito kwa ine miyezi inayi. Chiyambire pamenepo ndimalemba papepala banja lonse ngati mtengo, uyu wabala uyu, uyu wakwatira uyu, ndisanayatse maiki.

Mai a Tadala
Ya cousin ndiye yoopsa kwambiri. Ine ndinayika msuweni pa ana a amuna awiri apachibale, anthu kumayembekeza kuti awiriwa akwatirana mapeto ake poti chisuweni chimalola, pomwe kwathu kuno amenewo ndi mchimwene ndi mchemwali. Chizungu mau amodzi chimasenzetsa abale anayi.

Mphunzitsi wa ku Zomba
Musangoyang'ana uncle yekha, onaninso mmene mwamasulirira sherifu. Ndamvapo ambiri akuti mkulu wa apolisi, zimene zimasokoneza. Kuno mkulu wa polisi ya paboma amatumizidwa, likulu lili ku Area 30, mawa atha kumusamutsa, nthawi zambiri si mwana wa pamalopo. Sherifu wa ku America amachita kuvoteredwa ndi anthu a county imeneyo, dera longa boma la kuno, ndi mnzawo, anakulira pomwepo, mpando wake uli m'manja mwa omwe akuyenera kuwamanga. Marshal ndi wa boma lalikulu, amasankhidwa ndi Pulezidenti, alibe ngongole ndi munthu mtaunimo. Woonera akapanda kumva kusiyana kumeneku sangamvetse chifukwa chake mmodzi akuopa ndipo winayo sakuopa. Ndipo ku Wyoming amayi anapatsidwa ufulu wovota mu 1869, kale kwambiri dziko lonse lisanatero, ndiye mayi a mnyamatayo nawonso ndi ovota a mchimwene wawo.

Za waya waminga zija ndi zenizeni. Lamulo la Homestead la 1862 linkapatsa munthu maekala 160 ngati akhalapo ndi kulimapo zaka zisanu. Eni ng'ombe zikwizikwi anazolowera kudyetsa paliponse pa malo a boma, ndiye wosauka akatenga maekala ake m'mbali mwa mtsinje ndi kutchinga ndi waya, umene Joseph Glidden anatengera patenti mu 1874, nkhondo inkayambira pa madzi. Mu July 1889 ku mtsinje wa Sweetwater ku Wyoming komweko eni ng'ombe anapachika Ella Watson ndi James Averell, nkufalitsa kuti mayiyo ankaba ng'ombe. Amuna asanu ndi mmodzi anadziwika mayina, mmodzi wa iwo Albert Bothwell amene ankafuna malowo, koma mboni zina zinafa zina zinasowa mlandu usanazengedwe ndipo palibe anapezeka wolakwa. Mu 1892 ku Johnson County eni ng'ombe anachita kulemba ganyu anthu amfuti ochokera ku Texas. Ndiye mukamayika mau a mnyamatayo dziwani kuti mantha ake si a mwana, mboni zinkasowadi.

Wa ku Chilomoni
Aphunzitsi zikomo, ineyo ndangosiya sherifu momwemo ndipo atangotulukira koyamba ndaponyapo kuti wosungitsa lamulo amene anthu a dera lino anamusankha okha. Marshal ndati wapolisi wa boma lalikulu. Koma nthawi ikundithera, funso langa likadali pa mphindi 40 zija.

Bambo a ku Dedza
Mwaona zimene anena aphunzitsizi? Zikugwirizana ndi zanga. Munthu wa pamalopo, wovoteredwa ndi abale ake, womangika ndi magazi. Ndiye mukumubisiranji woonera? Ife ntchito yathu ndi kuti munthu amve nkhani, osati kumutchera msampha. Mayi wogulitsa tomato walipira ndalama yake kuti apumitse mutu, iwe ukumubisira ubale ola ndi mphindi 22. Malume akhale malume.

Sisi Thoko, Joni
Bambo ndi ulemu wonse, ngati mwini ntchito ali ndi laisensi ya filimuyo ndiye kuti pali wina amene adzaunike SRT, ndipo kuulula chinsinsi msanga ndi chifukwa chokwanira kubweza ntchito yonse osalipira. Ine kuno ndabwezeredwapo chifukwa cha dzina limodzi lomwe ndinalitchula munthu asanadziwike pa sikirini. Achimwene a ku Chilomoni, funsani kaye mwini ntchitoyo za mapepala, chifukwa mau anu ndi amene amveke pa kopi iliyonse, za umwini zikavuta a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, adzayambira pa mau omwe akuwamva.

Za mphindi 40, musajambulenso zonse. Tsegulani SRT mu pulogalamu ya Subtitle Edit, sakani malume, muona ma timecode onse, nthawi zomwe liwulo likutchulidwa. Mnyamata sangatchule kopitirira ka 15 kapena 20. Jambulani ziganizo zokhazo, chiganizo chonse osati liwu limodzi, mukadula liwu lokha zimamveka chigamba. Maiki yomweyo, chipinda chomwecho, mtunda womwewo kuchoka pakamwa, ndipo nthawi yomweyo ya tsiku ngati nkotheka chifukwa mau a mmawa ndi a usiku safanana.

Jah B wa ku Kawale
Ndipo uonetsetse frame rate mani, kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi, usanayambe zigambazo. Ngati kopi yomwe unajambulira ndi ya 25 koma ya mwini ntchito ndi 23.976, pa ola limodzi mau amatsetsereka mphindi ziwiri ndi theka, Baibulo lija lizitsegulidwa iwe utanena kale malume kalekale. Zinandichitikira usiku wopereka ntchito magetsi atazima, laputopu ili pa 12 peresenti.

Mai a Tadala
Chinanso pa 1:22 pomwepo, anthu athu ena sangamve msanga chifukwa chake dzina ladabwitsa marshal. Kuno Nabanda akakwatiwa kwa a Phiri amakhalabe Nabanda, mudzi wonse umadziwa kwawo. Kumeneko nthawi imeneyo mkazi akakwatiwa ankasiyiratu dzina la kwawo, mlendo sangadziwe kuti uyu ndi uyu ndi amodzi. Ponyanipo chiganizo chimodzi chachifupi marshal akuwerenga, monga kuti dzina limene mayiwa anabadwa nalo asanatengere la amuna awo. Pa SRT musapitirire zilembo 42 pa mzere, Chichewa chathu chimatalika, mudule bwino.

Wa ku Mzimba
Ndangolowa kumene. Dziwaninso kuti si onse oonera ali a chikamwini. Kwathu ana ndi a kwa bambo, asibweni, amene inu mumati malume, timawalemekeza koma mlandu wa mwana umagwera abambo ake ndi abale awo. Ndiye zoti woonera akangomva malume wamva zonse, kwathu sizili choncho kwenikweni. Ine ndili ndi ankolo.

Koma ndifunse, mnyamatayo akulankhula ndi sherifu mwamuyika pa inu kapena iwe? Chifukwa pamenepo pali chida chimene Chizungu chilibe. Muyendetseni pa inu filimu yonse, inu ankolo, inu ankolo, ndiye ngati pali sini yomwe akumuyang'ana m'maso kumuuza kuti akachitira umboni, mugwetsereni pa iwe kamodzi kokha. Holo yonse imazizira.

Wa ku Chilomoni
Ilipo sini imeneyo, pa 1:34 m'khola la akavalo, sherifu akumupatsa ndalama ndi tikiti ya sitima kuti athawe, mnyamata akuponya tikitiyo pansi. Ndinali nditayika inu. Koma mayi ake ali pakhomo akumva zonse, ndiye ndikuopa kuti iwe pamaso pa mayi anthu amuda mnyamatayo pomwe filimu ikufuna timumvere chisoni.

Sisi Thoko, Joni
Samalani nayo iwe ameneyo. Akangomveka wamwano, anthu asamukira mbali ya mkulu wake wopha munthu uja. Yesani kujambula zonse ziwiri mumvetsere anthu awiri atatu omwe sanaonere.

Bambo a ku Dedza
Mwana wa mlongo wako kukutchula iwe, pamaso pa mayi ake, ndiye mwati mwakonza filimu? Mwayamba kubisa malume, tsopano mukumutukwanitsa. Ine ndanena kuyambira mmawa, mukanasiya malume poyamba pomwe sipakanafunika zonsezi, woonera akanadziwa yekha kuti mnyamatayu akuponya pansi tikiti ya mwini mbumba wake, kulemera kwake nkokwanira popanda iwe. A ku Mzimba ndakumvani za kwanu koma ntchitoyi ndi ya Chichewa. Ndipo mayiyo mwamuganizira? Mlongo wake mbali ino, mwana woyamba mbali ino, mwana wachiwiri mbali inayo. Mukaulula mochedwa anthu amumvera chisoni mphindi 20 zokha mmalo mwa filimu yonse.

Mphunzitsi wa ku Zomba
Pa mayiyo bambo ali ndi mfundo. Kodi m'ma sini oyamba mayi ndi sherifu amaitanana bwanji akakhala awiri? Ngati amatchulana mayina okha ndiye samalani ndi ulemu womwe mwawapatsa, mukawayika pa iwe ndi iwe mwaululanso, mukawayika pa inu wouma pa 1:22 anthu adzati chibale chanji chimenechi.

Jah B wa ku Kawale
Eti alipo ali ndi mau abwino a posse? Ndili ndi ina ya ku Arizona, ndakhala ndikuti gulu la sherifu koma silikukoma, ndi anthu wamba omwe wangowatola mtauni ndi mfuti zawo kuti athamangitse munthu. Komanso chidindo chamoto chija amadinda ng'ombe pantchafu, mukumati chani inu?

Wa ku Mzimba
Chidindo basi, kapena chizindikiro cha mwini ng'ombe. Posse ine ndimati anthu omwe sherifu wawamemeza.

Mai a Tadala
A ku Chilomoni mwafika pati? Mwayang'ana za mayi ndi sherifu zomwe afunsa aphunzitsizi?