Tabuleti yotsika mtengo yoyenda nayo pa geni: ndigule iti?

Nangozo wa ku Lizulu

Zikomo nonse. Ndithandizeni maganizo ndisanataye ndalama. Ine ndimachita geni ya kachewere ndi kabichi. Ndimapikula kwa alimi a ku Tsangano ndi tsidya la Angonia n'kukagulitsa ku Limbe, nthawi zina ku Lilongwe, moti pa sabata ndimagona kunja masiku atatu. Ngongole za makasitomala, matumba amene ndakweza, ndalama ya mayendedwe, ya anyamata onyamula, zonse ndimalemba m'kope. Mu February mvula inatipeza pa Kampepuza tili pamwamba pa lole, kope linanyowa, masamba anayi n'kufufutikiratu. Mpaka lero pali amayi awiri amene tikukokanabe kuti anatenga matumba angati, ndipo zimandiwawa chifukwa ndi anthu amene tagwirizana zaka zambiri.

Mwana wanga wa Fomu 3 wandiphunzitsa kulemba pa foni, koma foni ndi yaing'ono, maso anga sakuonanso manambala bwino. Ndasunga K280,000 ku banki m'khonde. Pamsika pano pali mnyamata akugulitsa tabuleti yaikulu ya mainchesi 10, pa katoni palembedwa RAM 12GB, malo osungira 512GB, ndipo akupereka ndi kiyibodi yomwe. Mtengo wake ndikhoza kutsala ndi chenji. Nditenge imeneyi, kapena pali ina yoposa?

Katswiri wa mafoni, Dedza boma

Amayi, imeneyo isiyeni. Ndimakonza mafoni pafupi ndi depoti ndipo zoterezo zimabwera pa tebulo langa mwezi uliwonse. Manambala a pa katoni si amene ali m'kati, makamaka a RAM, memori imene tabuleti imayendetsera mapulogalamu. Opanga ena amasintha ngakhale zimene zimaoneka mu Settings, ndiye mukatsegula mumaonadi 12GB, koma mukaika pulogalamu yoyezera ngati CPU-Z mumapeza 2GB, mwina kuchepera apo. Tabuleti yokhala ndi 12GB ndi 512GB zenizeni singatsike mtengo choncho. Chopweteka kwambiri n'chakuti galasi likasweka silipezeka, ngakhale ku Lilongwe, chifukwa ilibe dzina lodziwika loti munthu aitanitsire.

Kwa munthu woyenda ngati inu, ndikanasankha yaing'ono ya mainchesi 8 kapena 9. Imalowa m'chikwama cha m'manja, mumaigwira ndi dzanja limodzi m'minibasi mutapanikizana anthu anayi pa mpando. Samsung Galaxy Tab A9 ndi ya mainchesi 8.7, inatuluka mu 2023, yotsika mtengo imakhala ndi RAM 4GB ndi malo 64GB, batire 5,100mAh. Mkulu wake ndi Tab A7 Lite ya 2021, kukula n'chimodzimodzi koma ndi yochedwerapo, yambiri ili ndi 3GB ndi 32GB. Palinso Lenovo Tab M9. Zonsezi zimalola memori khadi.

Koma tcherani khutu apa: mtundu umodzi womwewo umabwera pawiri, ina ya Wi-Fi yokha, ina yolowa simu khadi, yolembedwa LTE kapena 4G. Ku Tsangano Wi-Fi muitenga kuti? Funani yolowa simu, ndipo muike simu yanu ya Airtel kapena TNM pomwepo m'sitolo, muone kuti intaneti ikugwira musanapereke ndalama. Wina akakuonetsani tabuleti ya Amazon Fire musakopeke ndi kutchipa kwake, silowa simu ndipo sibwera ndi Play Store, malo a Google otengako mapulogalamu.

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo ya zinthu izi sikhazikika, kotero ndalama mwanenayo ikhoza kukuthinani pa yatsopano. Yogwiritsidwapo kale ya dzina lodziwika si yoipa. Kungoti wogulitsayo achotse akaunti yake ya Google inu mukuona, aifufute yonse, muiyatse ndi kulowetsa akaunti yanu muli pomwepo. Mukapita nayo kunyumba ili ndi akaunti ya wina, ikhoza kudzitseka mukadzaifufuta, ndipo kawirikawiri zoterezo zimakhala zakuba.

Nachisale

Anangozo, pepani za kope lija. Ine ndimagwira ntchito yolemba alimi m'midzi ya ku Bembeke ndi Golomoti, timayenda ndi matabuleti pa njinga yamoto tsiku lonse. Zimene anena achimwene a ku boma n'zoona, ndingowonjezerapo zimene ndaziona.

Chimene chimapha tabuleti pa ulendo ndi kugwa, fumbi ndi madzi. Ndalama ya chikuto cha labala ndi galasi lomata pamwamba muipatule musanayambe n'komwe kunenerera mtengo. Nyengo ya dzinja muziiika m'pepala la pulasitiki lomanga pakamwa. Pamsika padzuwa mumakakamizika kukweza kuwala kuti muone, ndipo batire limatha msanga kuposa mmene amanenera, ndiye pawa banki ya 10,000mAh ndi yofunika, makamaka poti mukhoza kufika kumene mukugona n'kupeza magetsi azima.

Koma chachikulu kwa ine n'ichi: tabuleti nayonso ikhoza kutayika ngati kope. Uzani mwana wanu akuikireni Google Sheets, pulogalamu yolembamo maina ndi manambala m'mizere, aitchere kuti izigwira popanda intaneti. Mumalemba muli kumunda kopanda netiweki, mukafika pamene pakugwira, zolembazo zimakwera zokha ku akaunti yanu. Mawa tabuleti itabedwa, mungotsegula akaunti yomweyo pa foni ya mwana n'kupeza ngongole zonse zilipo. Dzina la akaunti ndi nambala yachinsinsi mulembe papepala, musunge kunyumba. WhatsApp yanu ikhoza kulumikizidwanso pa tabuleti osaichotsa pa foni, ndiye kasitomala akatenga matumba, mum'tumizire uthenga nthawi yomweyo, akhale umboni wa nonse awiri.

Dalaivala wa Tete

Ine ndisiyana nawo pang'ono anzangawa. Mayi, bwanji osangogula foni ya sikirini yaikulu, ya mainchesi 6.7, n'kukulitsa zilembo mu Settings? Chinthu chimodzi chotchaja, chimodzi chosamala. Tabuleti siibisika m'chitenje. Mukaitulutsa pamsika m'bandakucha pamene lole ikutsitsa, aliyense waona kuti muli nayo. Ine yanga inapita ndili m'tulo pa boda, inali pa mpando galasi lili lotsitsa pang'ono chifukwa cha kutentha.

Mukalimbikira tabuleti, kumbukirani kuti kwanuko msewu wa M1 ndiwo malire. Pakati pa Dedza ndi Biriwiri simu imatha kulumphira ku netiweki ya ku Mozambique inu muli ku Malawi. Zimitsani data roaming, yomwe imalola simu kugwiritsa ntchito intaneti pa netiweki ya dziko lina, musankhe netiweki yanu pamanja. Ndipo mukamagona tsidya ilo, masoketi akumeneko ambiri ndi a mabowo awiri ozungulira, si a mano atatu ngati athu, ndiye yendani ndi adaputa.

Katswiri wa mafoni, Dedza boma

Adalaivala, za kuba mwanena zoona. Koma pa maso, kusiyana kulipo. Mainchesi amayezedwa mopingasa kuchoka pa ngodya kufika pa ngodya, ndipo foni ndi yaitali koma yopapatiza. Mukakulitsa zilembo pa foni, mzere wa dzina, matumba, mtengo ndi yotsala sukwana, mumangokhalira kukankha uku ndi uku. Pa 8.7 mutaigoneka cham'mbali zonse zimaoneka kamodzi.

Nangozo wa ku Lizulu

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Mnyamata uja ndam'funsa kuti tiikemo pulogalamu yoyezera ija, wakana, akuti katoni akatsegula sangagulitsenso. Ndam'siya.

Adalaivala, mawu anu ndawamva. Pamsika ndiziyenda ndi foni ndi kapepala ngati kale, tabuleti izikhala pansi pa chikwama, ndizilembamo ndikakhala pansi madzulo kapena m'basi pobwerera. Anachisale, mwana wanena kuti Sheets akuidziwa, andikonzera mizere Loweruka akaweruka.

Lolemba ndikupita ku Lilongwe ndi kabichi. Ndikayang'ana Tab A9 yolowa simu, ikandikulira mtengo ndidikira gawo la banki m'khonde la mwezi wamawa m'malo mothamangira ina. Achimwene a ku boma, ndikaipeza yogwiritsidwapo kale, batire lake ndingaliyese bwanji ndili m'sitolo momwemo, poti wogulitsa sangandilole kukhala nayo tsiku lonse?