Puloti ya lizi ku Area 49 pa K38 miliyoni, ndigule?

Amake Tadala: Abale, ndipatseniko nzeru. Wina akugulitsa puloti ku 49 mu Lilongwe muno, mamita 20 kwa 30, akuti K38 miliyoni. Ndi ya lizi ya zaka 99, zatha kale 11, sanamangepo kanthu. Chikundiimitsa mutu n'chakuti nditaye ndalama zonsezi koma malowo akhalebe a boma? Adzukulu anga adzalowera kuti zakazo zikadzatha?

Wolumidwa Kale: Mayi, inu mukulira zaka 88 zam'tsogolo? Yanga sinathe ndi chaka chomwe. Dobadoba anandionetsa mabikoni, mapepala a chidindo, mwini malo atavala jekete. Nditatsitsa njerwa ndinapeza bambo wina akukumba fawundeshoni pomwepo, nayenso ndi mapepala ake. Kenako kunatulukira mayi wachitatu. Mlandu ulipobe, loya akungodya. Anthu a mu Lilongwe muno Mulungu akuoneni.

Bwana wa ku 43: 38 ndi ndalama ya geti imeneyo kkkk. Ine ku 43 ndinagula anthu akunena kuti n'kutchire, lero azungu akundipatsa lendi ya madola. Malo sawola. Gulani basi.

Nachisale: A Bwana, funso silinali la geti yanu.

Jombo: 38 yake iti? Mlamu wanga wagula ku 49 komweko pa 22 chaka chino.

Bwana wa ku 43: Imeneyo ndiye ya m'dambo, mphepete mwa Lingadzi. Mufunse a ku Mtandire zomwe madzi anachita mu 2017.

Mlimi wa m'Tauni: Mukuvutikiranji? Pitani ku Njewa kapena ku Chitedze, amfumu akupatsani malo aakulu kawiri pa K5 miliyoni. Palibe za lendi ya malo chaka ndi chaka, palibe woti akuuzeni kuti nyumba iyang'ane uku. Nkhuku mukuweta, chimanga mukulima. Yotsalayo mumangira nyumba mpaka malata.

Seveya Wopuma: Achimwene, chiyambire lamulo la malo a makolo la 2016, amfumu sagawanso malo okha, pamafunika komiti ya malo. Ndipo tauni ikukula kulowera komweko. Tsiku lina mudzamva kuti pabalaza panu mpamene pakudutsa msewu.

Amake Tadala, za zaka 99 zisakusowetseni tulo. Likulu lisanasamuke ku Zomba mu 1975, boma linatenga malo n'kuwapereka m'manja mwa bungwe lomanga likulu la CCDC (Capital City Development Corporation), lomwe linadula mzindawu m'maeriya a manambala: mafakitale ku Kanengo, maofesi ku Capital Hill, nyumba kwinaku. N'chifukwa chake malo ambiri muno mwini wake ndi unduna wa za malo, Malawi Housing kapena khonsolo, ife timangobwereka. Ngakhale a Bwana a ku 43 ndi alendi, angokhala sakudziwa. Lizi ikatha imapemphedwanso.

Chondiopsa ine ndi zaka 11 zopanda nyumbazo. Lizi imanena nthawi yoti ukhale utamanga, ukalephera eni malo ali ndi mphamvu yolanda n'kupatsa wina. Kafufuzeni ku kaundula wa malo ngati dzina lidakali la wogulitsayo, ngati sanakongolere ku banki, ndi ngongole ya lendi ya malo yomwe yaunjikana. Kusintha dzina kumafunanso chilolezo cha eni malowo. Ku khonsolo mukafunse ngati malowo ndi a nyumba, chifukwa ena akugulitsa malo osiyidwira msewu kapena sukulu.

Bwana wa ku 43: Mlendi ndinu madala. Ine ndili ndi taitolo.

Seveya Wopuma: Iwerengeni bwino taitoloyo, tsamba loyamba lomwe.

Nachisale: Koma ine ndinamva kuti anachepetsa, pano ndi zaka 50.

Seveya Wopuma: Za 50 ndi za anthu omwe si nzika, asisi.

Jombo: Zolanda ndi nkhambakamwa izo. Mpanda ndi kanyumba ka mlonda, ndani angakulande? Theka la 47 linayamba choncho.

Wolumidwa Kale: Kaundula, kaundula. Nanenso ndinauzidwa kuti zonse zili bwino. Ine ndalama yanga ndi bwino ndigule minibasi.

Mlimi wa m'Tauni: Minibasi ndi mafuta ake ati kkkkk

Mtsikana wa ku Joni: Chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu 2023 ndalama ya ku banki ndinasiya kuikhulupirira. Ine ndingagule, bola loya akhale wanga, osati wobwera ndi wogulitsa. Koma 38 yachuluka, yambani pa 28.

Amake Tadala: Ndamuuza wogulitsayo kuti tikaonere limodzi ku kaundula Lolemba. Akuti ali ku maliro ku Dedza, komanso pali wina wa ku UK akufuna kupereka 40 mawa, ndiye nditumize kaye 5 yogwirira malo.

Wolumidwa Kale: Wa ku UK ameneyo analiponso pa yanga.

Malo Mwachangu: Mayi ndipezeni ku inbox, ndili ndi ina ku 25, mapepala onse ali bwinobwino.