Masensa owala aja oyezera mtovu ndi mercury m'madzi, tingawakhulupirire?

mwana_wa_labu:
Abale ndithandizeni. Ndikuwerenga za masensa amene amati ukawadonthezera m'madzi nkuunika ndi tochi ya UV amaonetsa ngati muli mercury kapena mtovu, koma chikundizunguza mutu nchakuti ena akuti kuwala kumayaka ena akuti kumazima. Zoona ndi ziti? Ndipo angalowe mmalo mwa makina a mu labu oyezera zitsulo m'madzi aja, a ICP-MS?

ChemAunt:
Zonse ndi zoona achimwene, zimatengera molekyu yake. Sensa imakhala ndi mbali yowala ndi mbali yogwira ion, kutanthauza chitsulo chosungunuka m'madzimo. Tengani utoto wowala wotchedwa rhodamine, akaitsekera kamphete kake ka spirolactam imakhala yopanda mtundu siwala nkomwe, ndiye ion ya mercury, Hg2+, ikangogwira kampheteko kamatseguka, madzi aja nkusanduka pinki ndipo pa UV amawala mooneka ndi maso. Mkuwa, Cu2+, nthawi zambiri umachita kuzimitsa. Ineyo ndimakonda zoyaka, chifukwa zozimitsa kuwala nzambirimbiri, ngakhale madzi atangokhala a matope basi mumvekere mwapeza poizoni.

bambo_wa_ma_ion:
Pa funso lachiwiri lija ayi ndithu, sangalowe mmalo. Kamphete ka rhodamine komweko kamatsegukanso ndi asidi, pH ikatsika kamawala popanda mercury olo pang'ono. Komanso cadmium ndi zinc ali gulu limodzi pa periodic table, masensa ambiri amawasokoneza, pomwe zinc thupi limaifuna koma cadmium imaononga impso. Malire a WHO ndi ochepa kwambiri, mtovu 10 micrograms pa lita, mercury 6, cadmium 3 basi, ndiye sensa yako iyenera kuona pansi pa pamenepo m'madzi enieni, osati osakaniza ndi mankhwala osungunulira a acetonitrile ngati mmene ambiri amayesera mu labu. Chimandidetsa nkhawa nchoti mtovu wina umakhala tizidutswa tosasungunuka tochokera m'mapaipi, sensa siuona, munthu nkumwetsa ana poganiza kuti madzi ali bwino.

ChemAunt:
Zoonadi, koma musawanyoze kwambiri bambo. Ntchito yake nkusefa, muyese malo ambiri pompopompo, okayikitsawo muwatumize ku labu. Ndipo pa mtovu onani masensa a DNAzyme (ulusi wa DNA wotha kudula ulusi unzake) amene gulu la Yi Lu linapanga ku University of Illinois mu 2000, ulusi wina amaumangirira chowala, wina chozimitsa kuwala, ndiye ion ya mtovu, Pb2+, ikafika DNA imadula ulusi unzake, chozimitsa chimatalikirana ndi chowala nkuyaka. Amenewa amasankha bwino mtovu ndipo amagwira m'madzi.

mwana_wa_labu:
Zikomo nonse, ndiye ndiyambira pa a DNAzyme. Nanga ndikathira asidi kuti tizidutswa tija tisungunuke, ndibwezere pH ndi buffer yanji ndisanayese?