Thandizeni: nyimbo ndi ma demo zikwane bwanji pa chimbale chimodzi?

Akuluakulu, ndili kuno ku Mangochi ndipo anzanga opanga nyimbo pa kompyuta andisenzetsa ntchito yosonkhanitsa zonse zomwe tapanga kuti titulutse chimbale. Nyimbo zambiri zili m'mafayilo a mtundu wa XM ndi IT, zochepa a MOD, zopangidwa pa mapulogalamu a MilkyTracker ndi OpenMPT. Palinso ma demo atatu, timapulogalamu ta pa kompyuta toonetsa zithunzi zoyenda limodzi ndi nyimbo.

Pandimangira mutu ndi apa. CD-R imodzi imalowa 700 MB kapena mphindi 80 za nyimbo. Nyimbozo ndikazisandutsa mafayilo a mawu a WAV ya 44.1 kHz, 16-bit, n'kuzikopera ngati CD ya nyimbo, ziziimba pa wailesi ya CD, koma ma demo atsala kunja. Ndikaika mafayilo momwe alili, zonse zikwana malo n'kutsalako, chifukwa ndi ang'onoang'ono, koma popanda kompyuta palibe angamve. Ine mtima wanga uli pa amayi anga: ndikufuna adzakhale pakhonde madzulo, atsegule wailesi yawo, amve zomwe ndimachezera usiku.

Ndawerenga za Enhanced CD, yomwe nyimbo zimakhala m'gawo loyamba, mafayilo m'gawo lachiwiri. Alipo anaiyesapo? Munagwiritsa pulogalamu iti? Ma CD ndatsala nawo ochepa, awiri anawonongeka dzana magetsi atazima ndili pakati pokopera, ndiye sindikufuna kungoyesa mwachimbulimbuli.

Chinanso, nyimbo ina ikuphokosera kwambiri, yotsatira yake mpaka kutchera khutu. Ndingazifananitse bwanji osawononga kamvekedwe komwe mwini wake anafuna? Chonde ndiunikireni.