Kodi mwambi wa mwana wa ng'ona ndinaupotoza?

Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu. Ndimaphunzitsa Sitandade 2 kuno ku Ngabu, ndipo chiyambire mu 2023 pamene pulogalamu ya BEFIT inayamba kubweretsa matabuleti m'sukulu za pulayimale, ndakhala ndikulingalira za buku la pamakina limene limasintha molingana ndi mwana amene akuliwerenga. Mwana akalakwa masamu kangapo, bukulo limamubwezera ku zosavuta, ndipo akakhoza limamupatsa zovutirapo, moti ana awiri okhala pamkeka umodzi sakhala pa tsamba limodzi. Pofotokozera makolo zimenezi ndinati, "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi," poganiza kuti ng'ona ikamakula imasiya dziwe losaya n'kulowa lakuya. Agogo ena anangopukusa mutu. Kodi mwambiwu umatanthauzanji kwenikweni?

Yankho lochokera ku Chiromo: Aphunzitsi, agogowo sanalakwe. Ine ndinakulira pomwe Ruo amathira mu Shire, ndipo makolo athu ankatchula mwambiwu potsanzikana ndi mwana wopita kukakhala kwa amalume ake, kapena mnyamata wokafuna ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo. Ankatanthauza kuti nzeru za pakhomo pokha sizimukwanira munthu, ayenera kuona mmene ena amakhalira. Mwambiwu sukamba za kuya kwa madzi ayi, ukukamba za kusiyana kwa maiwe.

Yankho la mphunzitsi: Zikomo kwambiri, bambo. Mwandikonza, ndipo mwandikumbutsa chinthu chimene chimandipweteka mtima m'kalasi. Ana anga ambiri amayankhula Chisena kunyumba, pomwe maphunziro a patabuleti amamveka m'Chichewa. Mtsikana amene amawerengera bwino nsomba za amayi ake pamsika akhoza kulephera funso chifukwa cha liwu limodzi lachilendo, ndipo buku limene limangoyang'ana mayankho olakwa lingamubweze ku zosavuta mobwerezabwereza ngati kuti kuwerengera sakudziwa. Pamenepo ndiye kuti mwanayo watsekeredwa m'dziwe limodzi. Ndikadakhala pakati pa okonza mabukuwa, ndikadapempha kuti mwana akalakwa, bukulo liyambe lamufunsa funso lomwelo m'mawu ena, ndi zitsanzo za bwato, thonje ndi mapira, lisanagamule kuti abwerere m'mbuyo. Makolo aja ndikumana nawonso Lachisanu, ndipo ndikawapempha agogo aja kuti aumasulire okha mwambiwu pamaso pa onse.